Ana Opezeka Pabwinja

Wowerenga wina wandifunsa chifukwa chimene maboma amatsekera khomo anthu achifundo akunja ofuna kutenga ana amasiye chivomezi chikangochitika. Ndipo inenso kale ndinkayesa kuti kumeneko nkuuma mtima, popeza makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma taonani za ku Haiti. Chivomezi cha pa 12 Januwale 2010 chitagwetsa mzinda wa Port-au-Prince, anthu 10 a mpingo wa Baptist ochokera ku America anagwidwa pamalire a Dominican Republic atatenga ana 33 popanda zikalata, ndipo pofufuza kunapezeka kuti ochuluka a anawo anali ndi kholo lamoyo. Pakuti mwana wopezeka akulira yekha pabwinja ali ngati nkhosa yosokera tsiku la mkuntho, imene suitcha yako mbusa asanatsirize kufunafuna: mwina mayi wake ali chigonere m'chipatala, malume ali kumudzi kumene uthenga sunafike, ndipo kaundula wa obadwa wakwiririka pansi pa makoma a nyumba za boma.

Nchifukwa chake Pangano la ku Hague la 1993, lokhudza kutenga ana kukawalera m'mayiko ena, limafuna kuti mwana ayambe wafuniridwa malo kwa abale ake kapena m'banja la m'dziko lomwelo. Kumutumiza kutsidya kwa nyanja kudze pambuyo, akuluakulu a boma atatsimikiza kuti palibe kholo limene linavomera kupereka mwana chifukwa chonyengereredwa ndi ndalama.