Kope la Mphunzitsi: Kulemba Monga Njira Yosulira Aphunzitsi

M'chaka cha 1994, pamene boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'makalasi, ndipo aphunzitsi ambiri anayamba ntchito asanasulidwe. Kuyambira pamenepo funso latsala pakati pathu: kodi munthu amasanduka bwanji mphunzitsi weniweni?

Tiyeni tiganizire wophunzira wa pa koleji ya aphunzitsi ya Phalombe, amene watumizidwa kukayesera ntchito pasukulu ya m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa. Nyanjayi njosazama ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, niphweranso kwambiri mu 2018. Matemba akachuluka, anyamata ena amasiya sukulu nathamangira kudooko. Madzi akaphwa, mabanja amasamuka kukasaka chakudya kwina. Zoterezi mabuku a kukoleji sangathe kumuuziratu. Aphunzira bwanji tsono?

Njira imodzi ndiyo kope limene iye alembamo madzulo ali onse. Kopeli lisiyana ndi chikonzero cha phunziro: chikonzero chimalembedwa phunziro lisanachitike, pamene kopeli limalembedwa pambuyo pake. Muli mafunso atatu. Loyamba: chachitika nchiyani? Mwina ana khumi okha ndiwo akhoza masamu ogaŵa. Lachiŵiri: chifukwa chake nchiyani? Poŵerenga masamba a m'mbuyo, apeza kuti olepherawo ndi omwe anajomba sabata ija anaphunzira kuchulukitsa. Lachitatu: maŵa ndichita chiyani? Abwerera ku kuchulukitsa, nagwiritsa ntchito milu ya nsomba imene anawo amaidziŵa kale.

Maganizo ameneŵa si atsopano. John Dewey, m'buku lake la 1910, anaphunzitsa kuti kulingalira kumayamba pamene munthu wakumana ndi chomuimitsa mutu. Mu 1983 Donald Schön anawonjeza kuti mmisiri amakula posinkhasinkha ntchito yake, ali mkati moigwira ndiponso ataimaliza. Nanga kulemba kuthandizapo chiyani? Mtima umaiŵala ndipo umadzikhululukira msanga, koma zolembedwa zimakhala mboni. Amene wangonena kuti "ana ano ngaulesi" wathana nayo nkhani; amene walemba mawuwo amakakamizika kupereka umboni wake.

Komabe tisabise vuto lake. Kope likamalembedwa pofuna malikisi, wophunzira amalemba zokondweretsa omuyesa, nabisa zimene zinamukanika. Mwinanso amangokopera kwa mnzake. Pamenepo chida chasanduka chinyengo. Nchifukwa chake mphunzitsi womuyang'anira ayenera kuŵerenga kopelo ngati mnzake wa paulendo, osati ngati woweruza, pakuti safunsa anadya phula, ndipo munthu wamantha safunsa.

Tikalekerera zimenezi, wovutika ndi mwana wa kunyanja uja, amene mphunzitsi wake adzabwereza cholakwa chimodzimodzi zaka makumi atatu osachizindikira.