Wodzapala moto salowa kuchipinda

Munthu wodzapala moto amathera kukhitchini. Akati aloweko kuchipinda, mwini nyumba amadziwiratu kuti si moto wokha wamubweretsa. Foni nayo ndi nyumba, ndipo kuchipinda kwake ndi kumene kumafikira mauthenga a SMS, pakuti banki imatumiza kumeneko nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha ija, ya OTP. Ndiye pulogalamu ya tochi kapena ya ngongole zachangu ikapempha chilolezo chowerenga mauthenga anu ndi kuona manambala a anzanu, ikanizeni. Tochi ikufunanji ku mauthenga a eni?

Ambirife chitseko timakhoma ndithu, koma kiyi n'kumusiya pansi pa mwala wa pakhonde. PIN ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi manambala anayi, chaka chobadwa nachonso ndi manambala anayi, basi ulesi n'kutigwira pomwepo. Komatu tsiku lobadwalo lili poyera pa chiphaso cha unzika chimene bungwe la NRB linalembera anthu m'dziko lonse mu 2017, chomwechi chimene timachisiya kwa ochita fotokope ndi kuchijambula n'kutumiza pa WhatsApp kwa munthu amene walonjeza ntchito. Kuyambira mu 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, choncho kathyali amene wagwira chithunzi cha chiphaso chanu angathe kukanamizira kuti ndi inu n'kusamutsira nambala yanu pa khadi ina. Netiweki ikathawa pa foni yanu yokha, za anzanu zili bwinobwino, musadikire mawa, pitani ku ofesi ya kampani ya foni yanu.

Mukaima pang'ono pa kakhumbi ka ejenti tsiku la malipiro mudzaona zodabwitsa. Mayi apereka foni, natchula PIN mokweza: "Ingondilemberani achimwene, maso anga savuta izi." Kumbuyo kwawo kuli mzere wa anthu, makutu ali tcheru. Ejentiyo mwina ndi wokhulupirika, koma kiyi wa kuchipinda waperekedwa pamsika. Woimba foni wonena kuti ndi wa kubanki ndipo akufuna PIN kapena OTP kuti "akonze akaunti" ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina lanu lonse molondola.

Za boma nazo si zongopereka m'chimbulimbuli. Lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limakupatsani mphamvu yofunsa chimene akufunira uthenga wanu. Pa fotokope ya chiphaso lembani ndi cholembera, modutsa pakati, tsiku ndi ntchito imene mwaiperekera, kuti isakagwire ina. Mukalowa pa Msonkho Online ya MRA pa kompyuta ya eni, ikafunsa ngati isunge pasiwedi muikanire, ndipo musanadzuke pampando tulukanimo mu akaunti, mufufutenso makalata amene munatsitsa.