Kuvulala manja ndi makina pa ntchito za matelefoni

Kuvulala manja ndi makina ndi ngozi imene imagwera anthu oika ndi kukonza nthambo za matelefoni ndi intaneti komanso nsanja za netiweki. Pa ntchitoyi amagwiritsa ntchito makina oboolera, odulira zitsulo, okumba ngalande ndi okokera nthambo.

Ngoziyi imachitika dzanja likayandikira mbali ya makina imene ikuzungulira. Zala zimatha kutemeka, kuthyoka kapena kudukiratu. Magolovesi nawonso akhoza kukodwa n'kukokera dzanja lonse m'makinamo. Pokoka nthambo, chala chimatha kupanidwa pakati pa nthambo ndi gudumu lokulungira.

Mu 1963, bungwe la International Labour Organization linakhazikitsa pangano la nambala 119, lolamula kuti mbali zoopsa za makina zizikhala ndi zotchinga. Wantchito ayeneranso kuthimitsa makina ndi kuwachotsa kumagetsi asanapisemo dzanja.

Chala chikaduka, bala limapanikizidwa ndi nsalu yoyera kuti magazi asiye kutuluka. Chidutswacho chimakulungidwa m'nsalu yonyowa, n'kuikidwa m'pepala la pulasitiki pamalo ozizira, ndipo wovulalayo amapita nacho kuchipatala mwamsanga.