Mwana Ajambule Chimene Waona: Phunziro la Maselo pa Maikulosikopu

Poyendera anzathu amene akuyesera ntchito ya uphunzitsi, kaŵirikaŵiri timapeza ana atajambula selo lokongola la m'buku, chikhalirecho m'maikulosikopu munali thovu la mpweya lokha. Phunziro lotere limazoloŵeza mwana kunyoza maso ake. Robert Hooke, amene anayambitsa dzina lakuti selo m'chaka cha 1665, anajambula zimene anaona yekha m'khungwa la mtengo. Nafenso tiyenera kuphunzitsa ana kutero.

Tiyambe ndi anyezi. Tisende kakhungu kopyapyala ka m'kati mwake, tikayale pa kagalasi ndi kudonthezapo ayodini. Kagalasi kovundikira tikatsitse mopendeka ndiponso pang'onopang'ono kuti mpweya usatsekeredwe. Thovu limadziŵika ndi mkombero wakuda wochindikala, pamene maselo amandandalikana ngati njerwa, lililonse ndi khoma lake ndi nyukiliyasi. Ana akadabwa kuti maselowo sali obiriŵira, tiŵakumbutse kuti gawo limeneli la anyezi limakulira m'nthaka, kumene dzuŵa silifika.

Selo la nyama tili nalo m'kamwa mwathu momwe. Mwana aliyense apukute m'kati mwa tsaya lake ndi thonje laukhondo, losabwerekana ndi mnzake, apake pa kagalasi ndi kuthirapo dontho la methylene blue. Maselo aŵa alibe khoma, motero maonekedwe ake ndi osalongosoka. Tikamaliza, thonje ndi timagalasi tiziviike m'mankhwala ophera tizilombo.

Mabakiteriya tiŵapeza m'chambiko. Tipake kadontho, kaume, kenaka tithirepo mankhwala abuluu omwe aja. Galasi la kudiso la 10 pamodzi ndi la pansi la 40 zimakulitsa chinthu nthaŵi 400, komabe mabakiteriya amangooneka ngati timadontho ndi timitengo, pakuti ambiri sapitirira mamilimita 0.005. Tiŵauze ana kuti bakiteriya alibe nyukiliyasi, koma tisaŵalole kujambula za m'kati mwake zimene chipangizo chathu sichingaonetse.

Nthaŵi zonse tiyambe ndi galasi lofooka, ndipo kalilole tisamulozetse kudzuŵa kuopa kuwononga maso. Pomaliza, mwana alembe pansi pa chithunzi chake dzina la chinthucho ndi kukula kwa magalasi amene anagwiritsa ntchito. Chithunzi chokhota cha zimene mwana waona chimaposa chokongola chokopera m'buku, ndipo pochonga tiyenera kuchipatsa malikisi ochuluka.