Liwu Limodzi, Matanthauzo Ambiri

Ambiri tidaphunzira ku pulayimale kuti liwu la Chingerezi loti "run" limatanthauza kuthamanga. Koma akatswiri olemba Oxford English Dictionary atalisanthulanso m'chaka cha 2011, adapeza kuti mneni ameneyu ali ndi matanthauzo 645. Taonani ochepa chabe:

1. "The boy runs": mnyamata amathamanga.
2. "She runs a shop": amayendetsa sitolo.
3. "The tap is running": madzi akutuluka pampopi.
4. "He ran for president": adapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti.
5. "The sugar has run out": shuga watha.

Mukamasulira chiganizo chachiwiricho kuti "amathamanga sitolo", ndiye kuti mwalemba zopanda mutu ndipo malikisi atayika.

Chichewa nachonso chili ndi mawu otere. Liwu loti "mutu" limene talitchula kumeneli silikunena chiwalo cha thupi. Palinso mutu wa ndakatulo ndi mutu wa banja.

Choncho pa mayeso, mukafunsidwa tanthauzo la liwu monga lagwiritsidwira ntchito m'ndime kapena m'ndakatulo, musathamangire tanthauzo limene mudaloweza. Werengani chiganizo chonse, onani mawu oyandikana nalo, kenaka yankhani.