Mverani Thupi Lanu pa Nyengo ya Mayeso

Chaka ndi chaka, mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 akamayandikira, m'nyumba zambiri muoneka zachilendo. Mwana amene adali kudya bwino ayamba kusiya nsima m'mbale. Wina adandaula mutu madzulo alionse. Winanso apsa mtima ndi kanthu kakang'onong'ono, pamene kale adali wofatsa. Ife makolo tifulumira kunena kuti mwanayo wayamba mwano kapena ulesi. Nawonso achinyamata aganiza kuti akudwala, ndipo ena afika pokayikira kuti anzao a nsanje awalodza. Koma kawirikawiri gwero la zonsezi ndi nkhawa. Nkhawa iyamba kuonekera m'thupi, mwini wake asanaizindikire m'maganizo. Tsono wophunzira amene adziwa kumva thupi lake msanga akhoza kudzikhazika mtima pansi zinthu zisanafike poipa.

Chimene chichitika m'thupi

M'chaka cha 1915 katswiri wina wa pa sukulu ya ukachenjede ya Harvard, ku America, dzina lake Walter Cannon, adafotokoza m'mene thupi lidzikonzera likaona choopsa, kuti limenyane nacho kapena lithawe. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kamene kathira m'magazi mankhwala otchedwa adrenaline. Pomwepo mtima ugunda mofulumira, munthu apuma mwaphuma, minofu ikungika, m'kamwa muuma, thukuta lituluka, ndipo magazi ambiri achoka kumimba kunka kumiyendo ndi kumikono.

Zonsezi nzothandiza kwa munthu amene wakumana ndi njoka panjira, pakuti athawa, ndipo mphamvu zija zithera m'liwirolo. Chovuta nchakuti thupi silisiyanitsa njoka ndi pepala la masamu. Wophunzira akhala duu pa desiki, mtima uli phaphapha, mphamvu zija zitasowa kolowera.

Nkhawa ya pang'ono ndi yabwino ndithu, chifukwa ndiyo idzutsa mwana m'mawa kuti awerenge. Yoononga ndi imene ikhalitsa osapumitsa thupi. M'chaka cha 1936 dokotala wina wa ku Montreal, ku Canada, Hans Selye, adaonetsa kuti makoswe amene adasautsidwa kosalekeza ndi kuzizira kapena ntchito yopyola muyeso adatupa tiziwalo tija ta pa impso, nachita zilonda m'mimba. Thupi likhoza kupirira mantha a kanthawi, koma lilefuka likakhala chikungikire.

Dziwani chizindikiro chanu choyamba

Inu anyamata ndi atsikana, dziwani kuti nkhawa siyamba mofanana mwa anthu onse. Wina iyambira m'khosi ndi m'mapewa, mumene muuma ngati wasenza mtolo wa nkhuni. Wina aluma mano osadziwa, mpaka nsagwada ziwawa. Wina m'mimba mubwata, nathamangira kuchimbudzi kawirikawiri. Ena manja achita thukuta, cholembera nkumaterereka. Ena asowa tulo. Ena awerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu.

Aliyense afunefune chizindikiro chimene chiyamba kufika mwa iye. Njira yake njapafupi. Katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, imani pang'ono ndi kudzifunsa: Mapewa anga ali bwanji? Kodi ndaluma mano? Kodi ndikupumira m'chifuwa mokha kapena mpweya ukufika kumimba? Mukhozanso kuika zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ndi kuwerenga kugunda kwa mtima kwa masekondi 15, kenaka nkuchulukitsa ndi 4. Munthu amene wakhala phee mtima wake ugunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. Mukadziwa chiwerengero chanu cha masiku onse, mudzazindikira msanga tsiku limene chakwera popanda kuthamanga.

Zochita mukaona chizindikirocho

Choyamba ndi mpweya. Kokani mpweya ndi mphuno uku mukuwerenga chamumtima mpaka 4, kenaka muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Chitani chomwecho ka 10. Pamene tikutulutsa mpweya, mtsempha wina wochokera ku ubongo, umene madokotala autcha vagus, uchepetsa liwiro la mtima. Nchifukwa chake kutulutsa kuyenera kutalika koposa kukoka. Kupuma mwaphuma kuchita zosiyana ndi izi: kuchotsa m'magazi mpweya wa carbon dioxide wopyola muyeso, ndipo munthu amva chizungulire ndi dzanzi m'zala. Mwana wosadziwa zimenezi aopa kuti akukomoka, napumanso mwaphuma koposa.

Chachiwiri ndi minofu. Fumbatani manja zolimba kwa masekondi 5, kenaka muwamasule. Kwezani mapewa kufikira m'makutu, kenaka muwagwetse. Njira yotere adaiphunzitsa dokotala wa ku Chicago, Edmund Jacobson, m'buku lake la m'chaka cha 1929, ataona kuti anthu ambiri sadziwa kuti minofu yao yakungika mpaka ataikunga dala ndi kuimasula.

Chachitatu ndi kuyenda. Ngati muli kunyumba, tsekani buku, mukatunge madzi, muwaze nkhuni kapena mukankhe mpira kwa mphindi 15. Potero mphamvu zija zipeza kolowera, ndipo mubwerera ku buku mutu utapepuka.

Nanga m'chipinda cha mayeso? Ngati mwatsegula pepala, zonse zimene mudawerenga nkubalalika, musachite jenkha. Ikani cholembera pansi, pondani mapazi onse awiri pansi, ndi kupuma monga tanena kwa mphindi imodzi. Mphindi imodzi siichepetsa kanthu pa pepala la maola awiri. Mukatero yambani ndi funso limene mulidziwa bwino. Zina zidzabwera pambuyo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Tulo si mdani wa maphunziro

Tidziwa kuti ophunzira ena aviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kapena kumwa khofi wambiri kuti achezere kuwerenga usiku wonse. Kumeneko nkudzibera wekha. Akatswiri a za tulo alangiza kuti wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10, ndipo ndi m'tulo m'mene ubongo ukhazikitsa zimene waphunzira masana. Khofi naye akhalitsa m'thupi: patapita maola ngati 5, theka la mphamvu yake likadali m'magazi. Womwa khofi usiku asowa tulo, ndipo m'mawa adzuka mtima ukugunda, manja akunjenjemera.

Mau kwa makolo

Ife makolo tikhoza kuonjezera katunduyu kapena kumupepuza. Mau onga akuti, "Tagulitsa mbuzi chifukwa cha iwe, ukalephera usabwere pakhomo pano," tiwanena pofuna kulimbikitsa, koma mwana agona nawo usiku wonse. Kuli bwino kukhala naye pansi ndi kumufunsa kuti, "Mwananga, ndaona kuti sukudya masiku ano. Chikukuvuta nchiyani?" Timuchepetsere ntchito zapakhomo m'masabata a mayeso, tione kuti wadya asanapite, ndipo timuuze poyera kuti akakhoza kapena akalephera adzakhalabe mwana wathu.

Komanso tisayese kuti kudandaula kulikonse ndi nkhawa. Mutu ndi kufooka zikadza pamodzi ndi kutentha thupi, mwanayo akapimidwe malungo tsiku lomwelo. Ngati amva kuwawa m'chifuwa, ngati akomoka, ngati apyola masabata awiri osagona bwino kapena osadya, tipite naye kuchipatala. Ndipo ngati ayamba kunena kuti kuli bwino atangofa, tisatenge mauwo ngati nthabwala: tisamusiye yekha, tifune thandizo la achipatala msanga.

Njira zimene tafotokozazi zigwira bwino mwa amene adazizolowera kale. Chifukwa chake musadikire tsiku la mayeso. Yesani kupuma kuja madzulo ano musanagone, mawa musanatsegule buku, ndi tsiku lililonse kufikira zitalowa m'thupi. Makolo nawonso ayese pamodzi ndi ana ao, pakuti nafenso mapewa athu auma pa nyengo imeneyi.