Mkangano wa Anamgumi a Orca Osungidwa M'madziwe a Konkire: Mafunso ndi Mayankho

Kodi orca ndi nyama yotani?

Ngakhale amakhala m'nyanja yamchere, orca si nsomba. Amapuma mpweya, amabereka ndiponso amayamwitsa. Anamgumiwa amayenda m'mabanja otsogozedwa ndi mayi, ndipo banja lililonse lili ndi kaliridwe kake. M'mabanja ena a kugombe la Washington ndi British Columbia, ngakhale wamphongo wamkulu sasiyana ndi mayi wake mpaka imfa. Pa tsiku limodzi amatha kusambira makilomita oposa 100.

Kuwagwira kunayamba liti?

Kunayamba m'ma 1960. Mu 1970, ku Penn Cove m'dera la Washington ku America, alenje anazinga anamgumi oposa 80 ndi maukonde n'kutengapo 7. Ena anafera m'maukondemo, ndipo mitembo yawo anaing'amba pamimba n'kuikamo miyala kuti imire, nkhani isamveke. Mmodzi mwa otengedwawo, Lolita, anakhala m'dziwe laling'ono la Miami Seaquarium mpaka pamene anafa mu 2023.

Otsutsa amadandaula chiyani?

Umboni uli pathupi la nyamayo. Pafupifupi wamphongo aliyense wamkulu wosungidwa amakhala ndi chipsepse cha pamsana chogwera kumbali, chinthu chosowa kunyanja. Mano amaperepeseka chifukwa chotafuna zitsulo ndi konkire, mpaka madokotala amawaboola n'kumawatsuka tsiku ndi tsiku. Anamgumi osadziwana amaikidwa dziwe limodzi, ndipo akayambana, wogonja alibe kothawira.

Nkhani inakula chifukwa cha Tilikum, amene anagwidwa ku Iceland mu 1983 ali ndi zaka ngati 2. Dzina lake likupezeka pa imfa za anthu atatu. Womaliza anali mphunzitsi wake Dawn Brancheau, ku SeaWorld ya ku Orlando mu February 2010. Palibe umboni woti orca wa kunyanja anaphapo munthu, ndipo mfundo imeneyi ndi yovuta kuilambalala. Kanema wa Blackfish wa mu 2013, wonena za nkhaniyi, anautsa mkwiyo wa anthu ambiri.

Nanga eni malowa amati chiyani?

Amati alendo amaphunzira kukonda nyama za m'nyanja, ndipo asayansi amazifufuza pafupi. Komabe mu 2016 SeaWorld inalengeza kuti yasiya kubereketsa anamgumiwa, ndipo Canada inaletsa kugwira ndi kubereketsa mwa lamulo mu 2019.

Bwanji osangowabwezera kunyanja?

Apa ndiye pagona vuto. Keiko, wa mu kanema wa Free Willy, anabwezeredwa ku Iceland mu 1998. Mu 2002 anasambira mpaka ku Norway, koma sanalowe m'banja lililonse, ankangofunafuna anthu, ndipo anafa mu 2003. Ambiri mwa otsala masiku ano anabadwira m'madziwe, sadziwa kusaka. N'chifukwa chake ena akufuna kutchinga mbali ya nyanja ndi maukonde kuti azisamaliridwa mmenemo popanda zionetsero, ntchito yofuna ndalama zambiri kwa zaka makumi angapo.